Miyala Yotsetsereka pa Madzi Oundana: Mpikisano wa Anyamata ndi Atsikana

Lero khasu tiliike pambali pang'ono. Sitinena za fodya kapena za anankafumbwe m'nkhokwe. Ndifuna ndikutengeni ulendo wa kumaiko ozizira, mukaone masewera ena amene anayambidwa ndi anthu a kumudzi onga inu nomwe, koma tsopano anasanduka mpikisano waukulu wa anyamata ndi atsikana a mitundu yambiri. Dzina la masewerawo ndi curling. M'chinenero chathu mulibe dzina lake, pakuti chinthu chimene amasewerapo kuno kulibe.

Inu a ku Dedza, a ku Ntcheu ndi a kufupi ndi Nyika mudziwa chisanu cha mwezi wa June ndi July, chija chiwaula masamba a mbatata ndi nthochi m'dimba usiku umodzi wokha. Tsono ku Scotland chisanu chotere chikhoza kukhala masiku ambiri osaleka. Madzi a m'maiwe ndi a m'nyanja zazing'ono amaundana pamwamba, nakhala gwa ngati thanthwe, osalala ngati galasi, kotero kuti munthu ayendapo osamira. Nthaka nayo imalimba, khasu kapena pulawo osalowa. Mlimi akadyetsa ng'ombe ndi nkhosa zake m'mawa, nchito yatha. Kodi munthu wozolowera thukuta angakhale m'nyumba tsiku lonse manja ali m'khwapa? Iyayi. Anthu aja anayamba kutola miyala yaphanthi m'mitsinje, naikankha pa madzi oundanawo, kuti aone amene mwala wake uima pafupi ndi chizindikiro.

Ndi masewera akale ndithu. Mu mzinda wa Stirling amasunga mwala wina wosewerera umene unalembedwa chaka cha 1511, ndipo zolembedwa za chaka cha 1541 zinena za munthu wa ku nyumba ya amonke ya ku Paisley amene anaitana mnzake kuti apikisane poponya miyala pa madzi oundana. Poyamba mudzi uli wonse unali ndi malamulo akeake, ndipo miyala inali yosiyana, wina waukulu wina waung'ono, monga munthu wautolera. Chaka cha 1838 anakomana ku Edinburgh nakhazika bungwe loti lilunzanitse malamulo, ndipo mu 1843 Mfumukazi Victoria analola kuti lizitchedwa Royal Caledonian Curling Club. Anthu a ku Scotland amene anasamukira ku Canada anapita nawo masewerawa, nayamba kalabu ku Montreal mu 1807, ndipo lero ku Canada ndiko kuli osewera ochuluka koposa maiko onse. Mwina mukumbukira kuti anthu a mtundu womwewu ndiwo anafika kuno kudzayamba mishoni ya Livingstonia mu 1875 ndi ya Blantyre mu 1876. Anadza ndi sukulu, ukalipentala ndi makina osindikiza mabuku, koma miyala yao anaisiya kwao, ndipo sanalakwe, pakuti pa Shire ikadangomira.

Tamverani tsopano m'mene amasewerera. Bwalo lake ndi lalitali koma lopapatiza: m'litali mayadi ngati 50, ndiwo mamita 45, ndipo m'mimba mwake mayadi asanu okha. Ku mathero onse awiri ajambulako mizere yozungulira, wina m'kati mwa unzake, waukuluwo kukula kwake mapazi 12 kuchokera uku kufika uko. Malo ozungulirawo amawatcha nyumba. Gulu liri lonse liri ndi anthu anai, ndipo munthu ali yense aponya miyala iwiri, mosinthana ndi a gulu linalo, mpaka miyala yonse 16 itatha. Apo ndiye kuti ndime imodzi yatha, monga mlimi akafika ku mapeto a mzere natembenuka. Awerenga, nayambanso kuponya kulinga ku nyumba ya tsidya linalo. Masewera amodzi akhala ndi ndime 8 kapena 10.

Kawerengedwe kake nkosabvuta, koma nkowawa. Pa ndime iri yonse gulu limodzi lokha ndilo lipata kanthu, ndilo gulu limene mwala wake uli pafupi koposa ndi pakati pa nyumba. Liwerenga miyala yake yonse imene iri pafupi kuposa mwala wabwino wa anzao. Chotero mukhoza kudzaza nyumba ndi miyala isanu, koma mnzanu nkulowetsa umodzi wokha pakati penipeni, isanu yanuyo yapita pachabe. Nchifukwa chake mwala wotsiriza uli wa mtengo wapatali. Amautcha nyundo. Gulu limene lapata pa ndime iyi litaya nyundo, ipita kwa anzao pa ndime yotsatira. Ndipo nthawi zina wochenjera amakana dala kupata mwala umodzi, nachotsa miyala yonse m'nyumba kuti ndimeyo ithe yopanda kanthu, iye asunge nyundo yake kufikira atapeza mpata wopata iwiri kapena itatu. Inu akatswiri a bawo mwamva kale pamenepa: si kudya msanga ai, koma kuona kumene njombwa zikathere.

Mwala weniweniwo ulemera mapaundi 38 kufikira 44, ndiwo makilogalamu pafupifupi 20, monga ndowa yaikulu yodzaza madzi imene mai abwera nayo kuchokera ku chitsime. Mtsikana wa zaka 15 sangaunyamule nkuuponya ngati mwala wa legeni. Amagwada bondo limodzi, natsamira phazi pa chopondera, nadzikankha, iye ndi mwala natsetserekera pamodzi, kenaka nautaya pang'onopang'ono asanafike pa mzere wina wa malire. Nsapato zake nzosiyana: ina yoterera, ina yogwira pansi. Pamwamba pa mwala pali chogwirira, ndipo poutaya amaupotoza pang'ono kuti uzizungulira. Kuzungulirako ndiko kuchititsa mwala kusayenda molunjika koma mokhota, nukhoza kuzemba kumbuyo kwa mwala wina umene watchinga njira, monga kalulu azemba chitsa. Dzina lija la curling lichokera pa kukhotaku. Chifukwa chenicheni chimene mwala ukhotera chomwecho akatswiri a sayansi akali kutsutsana mpaka lero, koma mwana wa zaka 12 wa ku Canada adziwa kuukhotetsa.

Tsono pali nchito ina imene ikuseketsani. Mwala ukangotayidwa, anthu awiri a gulu lomwelo athamanga nawo m'mbali, atagwira matsache, nasesa patsogolo pake mwamphamvu. Musayese kuti ali kuchotsa zinyalala chabe. Bwalo lija asanasewerepo, munthu wina ayendapo chobwerera m'mbuyo atabereka chigubu cha madzi, monga mlimi wopopera thonje, nawaza timadontho timene tiundana nitikhala timatuza ting'onoting'ono. Mwala uyenda pamwamba pa timatuzato. Kupukuta kwa tsache kufunditsa pang'ono pamwamba pake, ndipo mwala upita patali mapazi angapo kuposa m'mene ukadaimira, ndiponso sukhota msanga. Mtsogoleri wa gulu, amene amutcha skip, aima ku nyumba kuja, naloza ndi tsache lake pamene mwala ulunjike, napfuula kuuza anzake kuti sesani kapena lekani. Kumeneko mnyamata wa dzitho asesa mpaka thukuta kamukamu pakati pa chisanu, ndipo palibe amuseka kuti wagwira nchito ya akazi. Amene asesa mwaulesi ndiye asekedwa.

Za miyala ndinene pang'ono, pakuti inu amene munaona mphero mudziwa kuti si mwala uli wonse uyenera nchito. Miyala yambiri ya pa mipikisano yaikulu ichokera pa kachilumba kamodzi kotchedwa Ailsa Craig, mamailosi ngati 10 kuchokera ku gombe la kumadzulo kwa Scotland, ndipo ina ichokera ku Trefor m'dziko la Wales. Mwala wa pa chilumbapo ndi wolimba ndi wosamwa madzi. Ichi nchofunika, chifukwa madzi akalowa m'mwala naundana m'katimo amatupa, mwalawo nuyamba kunyenyeka. Pa chilumbacho sipakhala anthu tsopano; eni ake ndi mbalame za m'nyanja zikwizikwi, ndipo kuphulitsa thanthwe ndi wonga nkoletsedwa. Kampani ya Kays, ya m'mudzi wa Mauchline, imene inayamba mu 1851, ndiyo iri ndi chilolezo chotenga miyalayo. Sipita chaka ndi chaka ai: ipita kamodzi patapita zaka zingapo, nitola yogumuka kale yokwanira nthawi yaitali, monga inachitira mu 2013 ndi mu 2020.

Tibwere tsopano kwa ana. Kwa zaka mazana masewerawa anali a madoda. Mpikisano wa dziko lonse wa anyamata osafika zaka 21 unayamba mu 1975 ku East York m'dziko la Canada, ndipo anapambana ndi anyamata a ku Sweden. Atsikana anadikira zaka 13. Wao unayamba mu 1988 ku Chamonix m'dziko la France, napambana a ku Canada. Mpikisano umenewu uchitika chaka ndi chaka, anyamata paokha, atsikana paokha. Magulu amene atsalira m'mbuyo amatsitsidwa kunka ku mpikisano wachiwiri, ndipo opambana a kumeneko akwera kudzalowa m'malo mwao, kotero kuti palibe dziko likhala pa mpando chifukwa cha mbiri ya makolo.

Koma umene ndifuna muumvetsetse ndi wina, wa ana a zaka 15 kufikira 18, umene uchitika pa masewera a Olympic a achinyamata a nyengo yachisanu, kamodzi pa zaka zinai. Unayamba mu 2012 ku Innsbruck m'dziko la Austria, ndipo kunafika magulu a maiko 16. Lamulo lake ndi ili: gulu liri lonse likhale ndi anyamata awiri ndi atsikana awiri, ndipo aziponya mosinthana, mnyamata kenaka mtsikana, kapena mtsikana kenaka mnyamata. Dziko limene liri ndi anyamata khumi odziwa koma lopanda atsikana silingalowe. Chaka chimenecho anapambana a ku Switzerland. Mu 2016 ku Lillehammer m'dziko la Norway anapambana a ku Canada. Mu 2020, pamene masewera anali ku Lausanne, anapambana a ku Norway. Ndipo mu 2024 ku Gangwon m'dziko la South Korea anapambana a ku Great Britain, atagonjetsa a ku Denmark.

Ndidziwa kuti ena mwa inu, a mfumu, mwapukusa mutu pomva za anyamata ndi atsikana osinkhuka kukhala gulu limodzi ku dziko la eni. Nkhawayo si yachabe, ndipo makolo a kumeneko nawo ali nayo. Nchifukwa chake gulu liri lonse liyenda ndi akuluakulu oliphunzitsa ndi kuliyang'anira. Koma taonani chimene chinaoneka ku Lillehammer. Mtsogoleri wa gulu la Canada limene linapambana anali mtsikana, dzina lake Mary Fay. Iye ndiye anaima ku nyumba kuja naloza, anyamata awiri namvera mau ake, chifukwa iye ndiye anali ndi diso loona kumene mwala ukaime. Pa masewerawa mphamvu za m'manja zifunika posesa, koma poponya chifunika ndi muyeso ndi mtima wofatsa, ndipo zimenezi Mulungu sanagawe potsata ndebvu. Mwambo wotere ndi wakale pa masewerawa, ngakhale poyamba sunali kunena za akazi. Ku Scotland kunali kunenedwa kuti pa madzi oundana mwini minda ndi wanchito wake ali amodzi: ngati womanga nyumba kapena mbusa wa nkhosa ndiye wodziwa, iye ndiye skip, ndipo bwana asesa pouzidwa.

Panalinso chinthu china chokondweretsa pa masewera atatu oyambawo, a 2012, 2016 ndi 2020. Mpikisano wa magulu utatha, anali kuwasakaniza anawo awiriawiri, mnyamata wa dziko lina ndi mtsikana wa dziko lina, kuti asewere mbali imodzi. Ambiri anali asanaonanepo, ena osamvana bwino chinenero, namalankhulana ndi manja ndi tsache. Mu 2016 anapambana ndi mtsikana wa ku Japan, Yako Matsuzawa, pamodzi ndi mnyamata wa ku Switzerland, Philipp Hösli. Mu 2024 anasintha, awiriwo nakhala a dziko limodzi. Ine ndiyesa kuti pamenepo anataya kanthu kabwino, pakuti mendulo imene maiko awiri agawana siyambitsa matukutuku.

Kodi ana amenewa amathera pomwepo? Ena inde, amapita ku sukulu zao ndi nchito zao. Koma ena amakula nawo. Ku Innsbruck kuja gulu la Italy linakhala lachiwiri, ndipo mtsogoleri wake anali mnyamata wa zaka 16, Amos Mosaner, wa ku dera la mapiri la Trentino. Patapita zaka khumi, mu 2022 ku Beijing, iye pamodzi ndi Stefania Constantini anapambana mendulo ya golide pa masewera a Olympic a akuluakulu, osagonja ngakhale kamodzi pa masewera 11. Dziko la Italy linali lisanalandirepo mendulo iri yonse ya Olympic pa curling.

Inu amene mumaweruza milandu pa bwalo, gawo ili ndi lanu. Pa mpira wa miyendo mwaona m'mene anyamata amazingira woimba mluzu, ena mpaka kumuthamangitsa m'munda wa chinangwa. Pa curling oyang'anira alipo, koma nthawi zambiri akhala chete m'mbali. Ndime ikatha, wachiwiri kwa mtsogoleri wa gulu ili ndi mnzake wa gulu linalo ndiwo ayang'ana miyala nagwirizana kuti apata ndi awa, miyala yakuti. Akalephera kuona ndi maso, pamenepo ndipo aitana woyesa ndi chitsulo chake, ndipo chimene chitsulo chanena palibe achitsutsa. Ndiponso wosesa akakhudza mwala woyenda ndi tsache kapena phazi, ngakhale pang'ono, mwalawo waonongeka; kawirikawiri uchotsedwa. Tsono amene ayenera kuulula ndi iye mwini wokhudzayo, ngakhale palibe wina waona, ngakhale mendulo itayike chifukwa cha mau akewo. Mwana wa zaka 16 aphunzitsidwa zimenezi asanaphunzire kukhotetsa mwala. Sindinena kuti onse ndi angelo. Mikangano imabuka, makamaka pakati pa akuluakulu pamene pali ndalama. Koma wodziwika kuti amabisa asowa anzake osewera nawo. Ndipo gulu likaona kuti latsalira kwambiri, silikakamira kufikira mdima: mtsogoleri apita kukagwira chanza anzake, kubvomera kuti mwatiposa, ndipo pa iwo ichi si chamanyazi.

Bvuto lalikulu la masewerawa ndi madzi oundanawo. Ngakhale ku Scotland komwe maiwe sakhulupirikanso. Kunali mwambo wa mpikisano waukulu wa pabwalo, a kumpoto kulimbana ndi a kumwera, anthu zikwi pa nyanja imodzi, koma ufuna madzi oundana ochindikala mainchesi 7. Unachitika komariza mu 1979 pa Lake of Menteith. Mu 2010 chisanu chinabwera chokwanira, anthu nakonzeka, koma unalephereka chifukwa cha mantha a ngozi pa khamu lalikulu chotero. Lero pafupifupi onse asewera m'nyumba zazikulu, m'mene mipope ya pansi iyendetsa madzi a mchere ozizira koposa, makina a magetsi akugwira nchito usana ndi usiku. Ndiye kuti masewera amene mlimi anayamba ndi mwala wotola mumtsinje, osalipira kanthu, tsopano afuna nyumba, magetsi ndi miyala 16 yogula pa mtengo wokwera pa bwalo liri lonse. Mwana wa kumudzi wosauka, ngakhale wa ku Ulaya, sawafika msanga.

Nanga a kuno ku Africa? Dziko la Nigeria linalowa m'bungwe la curling la dziko lonse mu 2018, ndipo Kenya inatsatira mu 2021. Ku Nigeria kunalibe bwalo la madzi oundana loyenera masewerawa, tsono ana a ku Lagos anaphunzira pa mkeka woyalidwa pansi, ndi miyala yopepuka yoyenda pa timagudumu. Kawerengedwe, machenjera ndi malamulo anaziphunzira pamenepo. Koma kutsetsereka ndi kusesa sikuphunzirika pa mkeka. Ngakhale zinali chomwecho, mu 2024 anafika ku Gangwon, nakhala gulu loyamba la mu Africa kusewera curling pa masewera a Olympic a achinyamata. Anakomana ndi ana amene anayamba kuyenda pa madzi oundana akali aang'ono, ndipo anagonja kwambiri. Ena anati kunali kutaya ndalama. Ena anati mwana amene waona yekha m'mene mwala weniweni uyendera abwera ndi kanthu kophunzitsa ang'ono ake. Mlandu umenewo ndikusiyirani inu, muukambe madzulo pa bwalo.

Masewera ena a achinyamata a nyengo yachisanu akonzedwa kuti adzachitike mu 2028 ku mapiri a kumpoto kwa Italy, ku dera la Dolomiti ndi Valtellina, kufupi ndi kwao kwa Amos Mosaner. Ana amene adzaponye miyala kumeneko lero ali m'sukulu, ena sanafike ndi zaka 15 zomwe.